Timadontho ta ku Rikuzentakata

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako yafika. Ndaona kuti ku Sendai, ku Japan, kwakuyanja, pachithunzi paja masaya achita kutuluka m'jekete. Mayi ako akuti mpunga wokhawokha si chakudya, ufunefune ufa. Iwo ali bwino, koma bondo lija likuvutabe.

Mapu unandiuza aja, oonetsa mmene anayendera anthu amene anafa ndi tsunami, mafunde aakulu aja a m'nyanja, andisowetsa tulo. Bandulo yonse inathera pomwepo, magetsi nawo n'kuthima ndili pakati, ndinachita kukatchajitsa foni kwa mlamu wako, amene mpaka lero sanabweze mpope wanga wa njinga.

Ndinayendetsa chala m'mbali mwa nyanja ya ku Iwate, kukuza uku, kukoka uko, mpaka ndinaima pa mzinda wa Rikuzentakata. Paja mapuwa anawakonza mu 2016 ndi a nyuzipepala ya Iwate Nippo pamodzi ndi a Hidenori Watanave, mphunzitsi wa payunivesite. Anayendera ofedwa n'kumafunsa kumene m'bale wawo anali pamene chivomerezi chinagwedeza, pa 11 March 2011 nthawi ya 2:46 masana, ndi kumene madzi anakampeza. Anthu 1,326 ali pamapupo, aliyense kadontho kake, amuna kabuluu, akazi kofiira. Nthawi ikayamba kuyenda, timadontho timayendanso.

Iwe, ena sasuntha n'komwe, ali m'nyumba zawo. Ena akulowera kunyanja m'malo mothawako, ndipo ine mumtima ndimangoti ameneyu akukatenga mwana, uyu akuthamangira agogo ake. Koma chandipweteka kwambiri ndi ichi: timadontho tambiri tikuchokera mbali zosiyanasiyana n'kukaunjikana pamalo amodzi, pa holo ya masewera ya mzindawo. Kumeneko n'kumene anauzidwa kuti azithawira. Sanali osamva ayi. Anamvera, anathamanga, anafika nthawi ilipo, madzi n'kudzawapeza momwemo. Opulumuka anali owerengeka. Ndinabweza kuti ndionenso, ngati kuti ulendo uno akhota.

Chiyambire pamenepo nyumba iliyonse ndikuiyeza ndi maso. Ukudziwa kuti ana anga ndimawauza kuti mvula ikakula azithamangira kusukulu kuja. Nanga sukuluyo siili kumunsi, pafupi ndi mtsinje? Kutchalitchi nako kuli m'tsinde mwa phiri, ndipo ndani waiwala za ku Chilobwe mu March 2023, pamene Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche anthu ali m'tulo? Kumtunda kuli miyala, kumunsi kuli madzi, ndiwauze kuti? Usiku mvula ikangogunda pamalata ndimadzuka n'kuyamba kuwerenga ana. Ndafunsa amfumu, ndafunsa abusa, ndafunsa ngakhale amalume ako, omwe anangondiyankha za mtengo wa feteleza. Msonkhano wa makolo ukubwerawu ndikaimirira ndithu, foni ili m'manja, aone okha timadonthoto.

Ndiye undifunsire kumeneko, popeza uli pakati pa eni ake a tsokali: malo othawirako akuwasankha bwanji masiku ano? Amayeza ndani? Usayankhe ndi mizere iwiri ngati mwa masiku onse.

Shuga wakweranso. Nkhuku zitatu zapita ndi chitopa. Mng'ono wako wakhoza mayeso, akulembera yekha. Ukamabwera usaiwale tchaja, changachi ndimachita kuchimanga ndi mphira. Za denga la kukhitchini ndikuuza ulendo wina, pepala latha, komanso ndimafuna ndikufunse ngati ana a sukulu kumeneko amawaonetsa mapuwa, chifukwa wamkulu wanga uja ataona anandifunsa kuti