Kalata kwa makasitomala athu: tasiya kuika Windows 10

Makasitomala athu okondedwa,

Moni kwa inu nonse, a pa Boma pano ndi inu amene mumanyamula kompyuta pa kabaza kapena m'minibasi kuchokera ku Namwera, Malindi, Makawa, Monkey Bay mpaka ku Makanjira kudzatipeza. Pali ntchito imodzi imene takhala tikukuchitirani kwa zaka zambiri, ndipo tsopano tikuisiya. Kuyambira mwezi ukubwerawu, kompyuta ikabwera kuti tiifomate (kufufuta zonse n'kuika pulogalamu yoiyendetsa mwatsopano), sitidzaikamonso Windows 10 monga tinazolowera. Ena tinakuuzani kale pakamwa, ndipo tinaona nkhope zikugwa, ndiye taona kuti ndi bwino tilembe kuti aliyense awerenge modekha ali kwawo.

Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Musachite mantha kuti kompyuta yanu izima mawa m'mawa ayi. Iyakabe, makalata mulembabe, nyimbo zilirabe. Chimene chatha ndi zigamba zija zimene kampaniyo inkatumiza mwezi ndi mwezi kudzera pa intaneti, zotseka mabowo amene akuba apeza m'pulogalamuyi. Ife a kunyanja tikudziwa za boti limene mwini wake wasiya kumata. Lero lipita pamadzi n'kubwera ndi usipa bwinobwino, mwezi wamawa chimodzimodzi, koma mng'alu uliwonse watsopano ukhala wosatseka. Amene mumagwiritsa ntchito kompyuta polowa ku banki, posungitsa malo a alendo m'malodji, kapena posunga mayina a ophunzira ndi malipiro a antchito, ndinu amene tikukuderani nkhawa kwambiri. Zinachitikanso chonchi ndi Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo ambiri mwa makompyuta odwala mavairasi amene tinalandira m'zaka zotsatira anali a eni ake amene anakakamira pomwepo.

Ilipo njira yogulira nthawi pang'ono. Microsoft inalola kuti amene ali ndi Windows 10 ya mtundu womaliza, wotchedwa 22H2, alembetse n'kumalandirabe zigamba za chitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026, bola akhale ndi akaunti ya Microsoft. Ngati kompyuta yanu ikuyenda bwino ndipo tsikulo lisanakwane, bwerani tikuthandizeni kulembetsa. Koma kufomata lero n'kuikamo chinthu chimene masiku ake akuwerengeka, kenako mubwerenso mudzalipire kachiwiri, kumeneko n'kukudyerani masuku pamutu, ndipo sitikufuna.

Mwina mukuti, bwanji osangoika Windows 11 m'makompyuta onse nkhani ithe? Apa ndi pamene pagona vuto. Windows 11 imasankha. Imafuna RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) yosachepera 4 GB ndi malo osungira 64 GB, zimene makompyuta ambiri ali nazo. Koma imafunanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD kuyambira pa Ryzen 2000. Tsono malaputopu ambiri a kaunjika amene tonse tinagula ku Limbe kapena amene achibale anatitumizira kuchokera ku Joni ndi akale kuposa pamenepo. Lenovo ThinkPad T430 ndi Dell Latitude E6430 ndi za m'badwo wa 3. HP EliteBook 840 G3, imene aphunzitsi ambiri amaikonda, ndi ya m'badwo wa 6. Makina olimba ndithu, ena mwa iwo ndi olimba kuposa atsopano a pulasitiki amene akubwera masiku ano, koma pakhomo la Windows 11 sakuloledwa.

Mutha kuona nokha musanawononge ndalama ya thiransipoti. Lowani mu Settings, kenako System, kenako About, muwerenge dzina la purosesa. Mukaona i5-6200U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, 6, ndiyo m'badwo wake. Mukaona i5-8250U, ndiye kuti ndi wa 8, mwapulumuka. Osangoyang'ana kapepala komatidwa pafupi ndi kiyibodi kolembedwa kuti i7 n'kumasangalala. Ilipo i7 yakale imene imapitiriridwa ndi i3 ya posachedwa, ndipo ogulitsa ena amadalira kuti inu simukudziwa zimenezi. Amene mukufuna kugula laputopu ya kaunjika miyezi ino, tumizani chithunzi cha tsamba limenelo pa WhatsApp musanalipire, tikuuzani mwaulere. Safunsa anadya phula.

Tikudziwanso, monga anzathu onse a ntchitoyi akudziwira, njira yozembetsera Windows 11 m'kompyuta imene siyikuyenera. Tinayesa pa makina athu a mu shopu. Imalowa, imayenda. Koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotero ilibe chitsimikizo cholandira zigamba, ndipo nthawi zambiri mtundu watsopano wa chaka ukatuluka sulowa wokha, pamafunika kuzembetsanso. Kwa mnyamata wokonda kutsegulatsegula makompyuta, amene amasangalala makina akavuta kuti apeze chochita usiku, zimenezi ndi masewera abwino, ndipo akabwera tidzamuonetsa mmene amachitira pa kompyuta yake. Koma kwa mayi amene siteshonale yawo imadyetsa banja, kapena mlembi wa ku mzikiti kapena ku tchalitchi amene wasunga kaundula yense mmenemo, ife sitiika dzina lathu pa ntchito yotero.

Ndiye kompyuta yakale itayidwe? Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene tikupempha mutimvetsere. Kwa makina amene sangalandire Windows 11 tiziika Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, yovomerezeka, yosafuna laisensi kapena kubera, ndipo mtundu wa 22 udzalandira zigamba mpaka 2029. Maonekedwe ake sali kutali ndi Windows 7 imene ambiri munaizolowera: batani pansi kumanzere, mndandanda wa mapulogalamu, mafoda anu. Imabwera ndi Firefox yolowera pa intaneti, choncho Facebook, YouTube, imelo ndi WhatsApp ya pa kompyuta zonse zimayenda. Imabweranso ndi LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. Kavairasi kaja kamene kamabisa mafoda pa fulashi n'kusiya mashotikati okhaokha, kamene kazunza ophunzira ambiri m'tauni muno, kanapangidwira Windows ndipo mu Linux sikagwira ntchito.

Sitikubisirani zovuta zake. Photoshop ndi CorelDRAW sizilowa mwachindunji, ndiye a masitudiyo ojambula zithunzi ndi opanga makadi a ukwati, Linux si yanu. Kalata ya Word yokhala ndi matebulo ambiri nthawi zina imasuntha pang'ono ikatsegulidwa mu LibreOffice. Maprinta ambiri amagwira okha mukangolumikiza, ena amakana, choncho bwerani nayo printa yanu tiyese muli pomwepo. Tisanafufute chilichonse, tidzayatsa Linux kuchokera pa fulashi kuti muigwiregwire kaye pa kompyuta yanu yomweyo. Mukapanda kuikonda, tizula fulashiyo, kompyuta ibwerera mmene inalili.

A masitudiyo ndi inu oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, amene kompyuta yanu silowa pa intaneti ndipo ntchito yanu imadalira pulogalamu ya Windows, ndinu nokha amene tidzakuikiranibe Windows 10, titakambirana kaye, ndipo tidzalemba pa lisiti kuti makinawo ndi osalumikiza pa intaneti.

Kompyuta ikakhala kale pa tebulo lathu, tizikuuzaninso za hadi disiki. Ambiri mumati kompyuta yakalamba chifukwa imatenga nthawi yoti munthu n'kuwiritsa tiyi isanayake. Kawirikawiri wolakwa si purosesa, ndi disiki yakale ija yokhala ndi mbale yozungulira mkati. Kuichotsa n'kuika SSD, imene ilibe chozungulira chilichonse, kumasintha makina kuposa china chilichonse chimene tingachite pa mtengo wofanana, ndiponso SSD siopa mabampu a pa kabaza. Tizitsegulanso fani n'kuchotsa fumbi, n'kupaka phala latsopano loziziritsa purosesa, chifukwa kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapha makina amene ku Dedza akanakhala zaka zina. Zimene timapeza m'mafani ena, ubweya, nyenyeswa za mandasi, mphemvu ndi ana ake omwe, tisazitchule zambiri.

Pali lamulo lina latsopano limene likuyendera limodzi ndi zonsezi. Sitidzafomatanso kompyuta tisanakopere mafayilo anu kwina, ngakhale mutatiuza kuti mulibe kanthu. Tinaphunzira movutika. Bambo wina anatumiza mwana wake ndi laputopu, mwanayo n'kunena kuti adadi ati mungofufuta zonse. Tinafufuta. Madzulo bamboyo anafika thukuta lili kamukamu kufunsa za ntchito yake ya kusukulu imene analemba miyezi yambiri. Tinapulumutsako zina, zina zinapita. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa foni tinali nayo ndipo sitinaimbe. Choncho bwerani ndi fulashi kapena disiki ya kunja. Ngati mulibe, tisunga pa yathu kwa sabata ziwiri kenako tifufuta, ndipo sititsegula zithunzi kapena makalata a munthu. Mukatuma mwana kapena wa kabaza, mwini kompyuta tidzamuimbira tisanagwire chilichonse. Izi zikutanthauza kuti ntchito imene inkatha tsiku lomwelo nthawi zina izigona mpaka mawa, makamaka magetsi akathima. A kutali, tiimbireni kaye musananyamuke.

Za mitengo: kuika Linux Mint kapena Windows 11 tizilipiritsa chimodzimodzi ndi mmene tinkalipiritsira kufomata. SSD ndi RAM ndi katundu wochokera kunja, ndipo chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene tauzidwa lero sukhalitsa. Tikakuuzani mtengo wa chipangizo, tiziugwira kwa sabata imodzi, ndipo tiziitanitsa mukapereka theka, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Musagule RAM nokha musanatifunse, chifukwa mitundu yake ya DDR3 ndi DDR4 silowana, ndipo m'kabati mwathu muli kale zingapo za anthu amene anagula zolakwika.

Loweruka lililonse m'mawa mwezi ukubwerawu tiika laputopu imodzi ya Linux Mint pa kauntala kuti aliyense wofuna aiyese, ndipo mmodzi wa anyamata athu azikhala pomwepo kuyankha mafunso. Pobwera ndi laputopu yanu musaiwale chaja chake.

Ndife anu,
Mwini shopu ndi anyamata onse okonza makompyuta,
Mangochi