Kalata kwa mwana wanga ku Leeds: konza khola usanagule nalimata

Wokondedwa mwana wanga Chikondi,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iwe, bambo a Tadala ndi mdzukulu wangayo. Ife kuno tili bwino, amayi ako akupereka moni.

Uthenga wako uja ndauwerenga, wonena kuti Tadala wakakamira zoti mumugulire nalimata wa mawanga ngati kambuku, uja kumeneko amati leopard gecko. Wafunsa maganizo anga, ndipo ine sindikukuletsa ayi. Mwana wokonda zolengedwa ndi wofunika kumulimbikitsa. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna uchimvetse bwino: usakagule kanyamako tsiku limodzi ndi khola lake. Khola liyambe lafika, uliike pamalo pake, uyatse zotenthetsa, uliyang'anire sabata yathunthu lili lopanda kanthu. Ukaona kuti kutentha kwakhazikika usana ndi usiku, ndiye ukatenge mwini wake.

Chifukwa chake n'chakuti buluzi aliyense thupi lake silidzitenthetsa lokha monga lathuli. Amadalira kutentha kwa malo amene ali. Akazizidwa, chakudya chimangokhala m'mimba osagayika, amasiya kudya, ndipo matenda amamupeza mosavuta. Nyumba yanuyo ndikuidziwa m'nyengo yozizira. Iwe ukapita kuchipatala kukagwira usiku, bambo a Tadala atazimitsa zotenthetsa nyumba kuti bilu isakwere, m'chipinda mumazizira koopsa. Kanyamaka sikalira ngati mphaka kuti udziwe kuti kakuvutika. Kamangokhala phee m'kona, n'kumaonda pang'onopang'ono.

Kwawo kwa nalimata ameneyu ndi ku Afghanistan, Pakistan, Iran ndi kumpoto chakumadzulo kwa India, kumalo ouma a miyala, dothi lolimba ndi udzu wapatalipatali. Masana amabisala kunsi kwa miyala, n'kumatuluka kukamada ndi m'bandakucha. Dzina lake la sayansi ndi Eublepharis macularius, ndipo amene anayamba kumulongosola m'mabuku a sayansi ndi Edward Blyth, mu 1854. Dzinalo ulilembe penapake, chifukwa m'masitolo omwewo amagulitsanso mbale wake wa ku West Africa, African fat-tailed gecko, wofanana naye ndithu koma wofuna chinyezi chochuluka. Ukasokoneza awiriwa udzakonza khola la wina n'kuikamo wina.

Usamuganizire ngati nalimata wathu wa pakhoma uja, wodikira ngumbi pafupi ndi babu. Wathuyo ali ndi zomatira kuzala, amayenda ngakhale kudenga. Uyu ali ndi tizikhadabo basi, pagalasi sakwera, ndipo akagwa kuchokera pamwamba amavulala. Choncho khola lake likhale lotambalala pansi. Wamkulu amafika masentimita 20 kapena 25, ndiye ugule khola la masentimita 90 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 kupita m'mwamba. Adzakuuza kuti poti ndi kamwana kayambe ndi kabokosi kakang'ono, koma kumeneko n'kugula kawiri, ndiponso m'kabokosi kakang'ono simungakhale mbali yotentha ndi yozizira. La matabwa, lokhala ndi zitseko zagalasi zotsetsereka kutsogolo, ndilo limasunga kutentha m'dziko lozizira ngati limenelo. Kutsegukira kutsogolo kuli ndi ubwino winanso: dzanja likamutsikira kuchokera pamwamba amaliyesa mbalame yodzamugwira, amathawa. Usaliike pazenera pamene dzuwa limawomba, kapena pafupi ndi chotenthetsa nyumba chija amati radiator.

Tsopano pa kutentha, apa ndi pamene ndikufuna ndalama yako ipite. Chotenthetsa chikhale mbali imodzi yokha ya khola. Babu ya halogen yopachika kudenga, yotchingidwa ndi kawaya kuti asaikhudze, iziwomba pa mwala wafulati monga slate. Mwalawo umamwa kutentha masana, ndipo madzulo udzamuona atatuluka, atayala mimba pamwalapo, miyendo ataitambasula uku ndi uku. Pamenepo pazikhala madigiri 30 mpaka 32. Mbali inayo izikhala 22 mpaka 25, kuti akatenthedwa azisamukirako yekha. Usiku kutentha kutsike, koma kusapitirire kunsi kwa 18. Ngati chipindacho chimazizira kuposa apo, pakhale chotenthetsa china chosawala, monga cha ceramic. Mababu ofiira amene amati ndi a usiku uwasiye m'sitolo momwemo, usiku uzikhala mdima.

Chilichonse chotenthetsa, kaya babu kaya kamphasa kamagetsi koyala kunsi, chidutse mu thermostat. Apa sindikunyengerera. Thermostat ili ndi kachingwe koyezera kamene umakaika pamalo otenthawo, ndipo kutentha kukafika pamene waikapo, imachepetsa moto yokha. Popanda iyo, tsiku lina lotentha la mu July khola lidzasanduka uvuni inu muli kuntchito. Ya babu ikhale yochepetsa kuwala pang'onopang'ono, imene amati dimming, osati yongoyatsa ndi kuzimitsa. Miyala yamagetsi yotentha yokha, imene amati hot rock, yaotcha mimba za abuluzi ambiri, usayerekeze. Ugulenso zoyezera kutentha ziwiri za manambala, china mbali yotentha china yozizira. Zozungulira zomata pakhoma zija zimanama. Pa sabata yoyesa ija, Tadala azilemba m'kope zimene zikuonetsa m'mawa, masana ndi asanagone. Ikhale ntchito yake yoyamba, ndipo pomwepo udzaona ngati chidwi chake n'chokhalitsa.

Palinso nyale ya UVB. Ena adzakuuza kuti poti sayenda masana siifunika. Ine ndikuti gula. Kuwala kumeneku ndi kumene kumathandiza khungu kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitaminiyo kashiamu wa m'chakudya safika m'mafupa. Nalimata woperewedwa kashiamu amamvetsa chisoni: nsagwada zimafewa mpaka kulephera kugwira chiwala, miyendo yakutsogolo imapindika, amayenda chokwawa mimba ikukhudza pansi. Mafupa akapindika sawongokanso. Ugule nyale yaitali ya mphamvu yochepa, ya 7% kapena kucheperapo, yopangidwira nyama zokonda mthunzi. Ikhale mkati mwa khola kumbali yotentha, chifukwa kuwala kumeneku sikudutsa galasi. Iziyaka maola 12 n'kuzima 12, ndipo kawotchi kamagetsi kadzakugwirira ntchito imeneyo. Pakatha chaka uisinthe ngakhale ikuwalabe, popeza mphamvu yakeyo imatha maso ako asakuona. Lemba tsiku logula pa nyale pomwepo.

Mobisala mukhale mutatu: kumbali yotentha, kumbali yozizira, ndi pakati pokhala chinyezi. Awiri oyambawo n'ngosavuta, ngakhale mphika wa maluwa wosweka pakati ukwanira. Wachinyeziwo tenga kontena ya majarini yokhala ndi chivundikiro, uboole khomo m'mbali, usalaze m'mphepete kuti asachekeke, uyalemo ndere za sphagnum kapena mapepala opukutira onyowa. Uzinyowetsa zikayamba kuuma. Khola lonselo likhale louma, chinyezi cha 30 mpaka 40%, koma kachipinda aka kokha ndiko kanyowe.

Ntchito yake udzaiona pofundula. Mawanga ake amayamba kuzimirira, thupi lonse n'kuyera mbuu ngati lawazidwa phulusa. Amalowa m'kachipinda kaja, kenako amadzikhula pamwala, n'kuluma khungu lakale pamwendo, kulikoka mpaka litavuka, ndipo amalidya lonse. Musadabwe mukapanda kulipeza. Tsiku lotsatira uziyang'ana zala chimodzichimodzi, nsonga ya mchira ndi m'maso. Kakhungu kotsalira pachala kamauma n'kumanga ngati mphete, magazi amasiya kuyenda, chala chimada n'kuduka. Ukakaona, umuimike m'madzi ofunda ofika m'zala basi kwa mphindi 10, kenako ukachotse mofatsa ndi kathonje konyowa. Osakoka chouma.

Pansi m'kholamo, masabata 6 oyambirira uyale mapepala opukutira a kukhitchini. Sizikongola, koma umaona ndowe zake bwinobwino. Ali ndi khalidwe labwino, amasankha kona imodzi n'kumachitira pomwepo. Zabwino zimakhala zakuda, zolimba, ndi kachidutswa koyera kumapeto. Zikakhala zamadzimadzi kangapo, pita nazo kwa dokotala. Pambuyo pake utha kuyala matailosi okhakhala, kapena dothi lopanda feteleza losakaniza ndi mchenga pang'ono, magawo 7 a dothi ndi 3 a mchenga, lotsindiridwa bwino. Mchenga wokhawokha ayi, makamaka uja wamitundumitundu wolembedwa kuti calcium sand. Amaunyambita, umakaundana m'matumbo n'kutseka njira. Kwawo si kuchipululu cha milu ya mchenga monga zithunzi za pamapaketi zimaonetsera.

Nkhani ya chakudya ukambirane kaye ndi bambo a Tadala, chifukwa ikukhudza nyumba yonse. Nalimatayu sadya zipatso kapena masamba. Amadya tizilombo tamoyo: tinkhululu, dzombe laling'ono, mphemvu za dubia ndi mphutsi zimene amati mealworm. Ndiye kuti m'nyumba mudzakhala bokosi la tizilombo nthawi zonse, tinkhululu tidzalira usiku, ndipo tina tidzathawa ndithu. Ngati zimenezi mmodzi wa inu sangazipirire, ndi bwino kusiyiratu pano. Tizilomboto uzitidyetsa kaloti ndi masamba tsiku limodzi usanatipereke, poti chimene chili m'mimba mwa tizilomboto ndi chimene nalimata amapindula nacho. Popereka, utiike m'kathumba, uthiremo ufa wa kashiamu, ugwedeze mpaka titayera. Kamodzi pa sabata uthire ufa wa mavitamini wokhala ndi vitamini A, chifukwa akasowa imeneyi maso amavuta. Kachilombo kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso a nalimatayo. Kamwana kazidya tsiku lililonse, wamkulu kawiri kapena katatu pa sabata. Tinkhululu totsala uzitichotsa, timamuluma akagona. Kambale kosaya ka madzi kazikhalamo nthawi zonse.

Pofika tsiku logula, ugule mmodzi yekha. Sasungulumwa, ndipo amphongo awiri amalumana mpaka kuvulazana koopsa. Uyang'ane mchira poyamba, chifukwa ndimo amasungira mafuta. Wathanzi mchira wake umakhala wonenepa pafupifupi ngati khosi lake. Wa mchira woonda ngati kamtengo umusiye ngakhale akhale wotchipa, nthawi zina chimakhala chizindikiro cha tizilombo ta m'matumbo totchedwa Cryptosporidium, matenda ovuta kuchiza. Maso akhale owala. Iye ali ndi zikope ndipo amatsinzina pogona, koma wongotsinzina ngakhale wamunyamula ali ndi vuto. Uwerenge zala. Ufunse kuti anaswedwa liti, amadya chiyani, anadya komaliza liti. Wogulitsa wosatha kuyankha zimenezi usamupatse ndalama yako.

Tadala adzakopeka ndi a mitundu yowala, ndipo imeneyo ndi yodula. Iwiri uipewe: wa mtundu wa Enigma kawirikawiri amakhala ndi vuto la mu ubongo, amazungulirazungulira, kupendeketsa mutu ndi kuphonya chakudya; wa Lemon Frost amatuluka zotupa pakhungu. Wamba wachikasu wa mawanga akuda ndi wokongola mokwanira. Ufunsenso ku RSPCA ndi kumalo ena osungira nyama zosiyidwa, chifukwa kumapezeka akuluakulu amene eni ake anatopa nawo, ndipo wamkulu ndi wolimba kuposa kamwana.

Zoti eni ake amatopa nawo zikuganizitse. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 15 mpaka 20. Tadala ali ndi zaka 9, ndiye kuti adzapita ku yunivesite, mwinanso kukwatiwa, nalimata akadali m'nyumba mwako. Lamulo la kumeneko la Animal Welfare Act la 2006 limanena kuti chiweto cha mwana wosakwana zaka 16 udindo wake uli pa kholo. Choncho pogula uzidziwa kuti ukudzigulira wekha. Ufunse mwini nyumba ngati amalola, ndipo upezeretu dokotala wa ziweto wodziwa za abuluzi, chifukwa ambiri anazolowera agalu ndi amphaka.

Akafika, masabata awiri oyamba Tadala azingoona ndi maso. Mwina sadzadya masiku angapo, musade nkhawa. Kenako ayambe kuika dzanja pansi m'khola, nalimata akwere yekha. Pomunyamula azikhala pansi, ndipo asamugwire mchira, chifukwa akachita mantha amaudula. Umaphukanso, koma wobulungira, ndipo mafuta onse amene anasunga amakhala atapita. Akatha azisamba m'manja ndi sopo nthawi zonse, popeza abuluzi amanyamula Salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, ngakhale akuoneka athanzi. Mbale zake musatsukire pamene mumatsukira zanu.

Chotsiriza ndi ulendo wanu wobwera kuno mu December. Ndi nthawi imene kumeneko kumazizira kwambiri, ndipo nyumba idzakhala yotseka. Pafunika munthu wodalirika, wosaopa tizilombo, woti azibwera kudzasintha madzi, kudyetsa ndi kuona ngati magetsi sanazime kapena babu sinapse. Umusiyire babu yapadera ndi nambala ya dokotala uja. Ngati munthu wotereyu simunamupeze, dikirani mudzagule mu January mutabwerera.

Undiperekere moni kwa bambo a Tadala. Mdzukulu wangayo umuuze kuti agogo ake akufuna andiimbire Lamlungu tikambirane za dzina la nalimatayo.

Ndine bambo wako wokukonda.