Kwa Thoko ku Leeds: Za AI ndi Maphunziro a Tadala

Wokondedwa Thoko,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi abambo akunyumba ndi ana. Ife kuno ku Zomba tilipo, ndipo amayi ako ndinawaona kutchalitchi ali ndi mphamvu. Uthenga wako ndinaulandira, koma funso lakolo silinali loyankha ndi mawu awiri pa WhatsApp. Ukuti Tadala akufuna udokotala wowerenga zithunzi za X-ray, ndipo iwe mtima uli m'mwamba chifukwa anthu akunena kuti AI, makompyuta ogwira ntchito zofuna nzeru ngati za munthu, ilanda ntchito imeneyo, ena akuti ilanda ndi dziko lomwe.

Mantha akowa ali ndi mwini wake, dzina lake Geoffrey Hinton. Mkuluyu anabadwira ku London koma anakhala zaka zambiri akuphunzitsa ku Toronto, ndipo ndi mmodzi mwa anthu amene anayala maziko a makina ophunzira okhawa. Mu 2016 ananena poyera kuti asiye kuphunzitsa madokotala a zithunzi, chifukwa pakatha zaka zisanu kompyuta izidzawaposa. Zaka zisanuzo zinatha, zina zinawonjezekapo, ndipo zipatala za kwanuko zikudandaulabe kuti madokotala amenewa ndi ochepa. Iye mwini anavomera kuti analankhula mopitirira. Makina amaonadi kadontho pa mapapo mwachangu, koma dokotala samangoyang'ana chithunzi. Amaunika mbiri ya wodwalayo, amakambirana ndi wa opaleshoni, amasankha ngati pakufunika chithunzi china, ndipo zikalakwika ndi iye amene amayankha mlandu.

Komatu usamuyese wobwebweta. Mu May 2023 anasiya ntchito ku Google kuti azilankhula momasuka za kuopsa kwa chinthu chimene anathandiza kupanga. Mu 2024 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi John Hopfield, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anauza BBC kuti akuona mpata wa 10 mpaka 20 peresenti woti AI ingafafanize mtundu wa anthu m'zaka 30 zikubwerazi. Mfundo yake imandisowetsa mtendere ndikamaiganizira. Amafunsa kuti ndi kangati pamene chinthu chanzeru zochepa chinalamulirapo chinthu chochiposa nzeru, ndipo chitsanzo chimene amachipeza ndi cha khanda ndi mayi ake. Khanda limamveredwa chifukwa mayi amalikonda. Nanga makina adzatikonda chifukwa chiyani?

Chodabwitsa n'chakuti anzake enieni sakugwirizana. Mphoto ya Turing ya 2018, mphoto yaikulu ya sayansi ya makompyuta, anagawana anthu atatu: Hinton, Yoshua Bengio ndi Yann LeCun. Bengio, wa ku Montreal, ali mbali ya Hinton, ndipo ndi amene anatsogolera lipoti la mayiko ambiri la chitetezo cha AI limene linatuluka mu January 2025. LeCun, amene anatsogolera kafukufuku wa AI ku Meta, kampani ya Facebook, kwa zaka zambiri, amati zonsezi n'zokokomeza. Iye amati makina olemba nkhani monga ChatGPT amangolosera mawu otsatira, sadziwa dziko ngakhale mmene mphaka amalidziwira, ndipo kukhala ndi nzeru sikutanthauza kulakalaka ufumu. Anthu atatu, ntchito imodzi, mphoto imodzi, mayankho osiyana kutalitali. Ndiye ukamva wina pa wailesi akunena motsimikiza za chaka chimene zonse zidzasinthe, dziwa kuti akunena maganizo ake.

Chimene chimandipweteka ine ndi china. Mu May 2023 momwemo munatuluka chikalata cha chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti kupewa kutha kwa anthu chifukwa cha AI kuikidwe patsogolo mofanana ndi miliri ndi nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Mwa osainawo munali Sam Altman wa OpenAI, Demis Hassabis wa Google DeepMind ndi Dario Amodei wa Anthropic, eni ake opanga zinthuzo. Iwo amati popeza chinthuchi chibwerabe, ndi bwino chipangidwe ndi anthu osamala. Mwina amanenadi kuchokera pansi pa mtima. Koma kwa ine zili ngati munthu wokuwa kuti moto uku akusonkhezera nkhuni. Ngati ngoziyo ndi ya anthu onse, anawatuma ndani kuti atisankhire? Pamsonkhano wa ku Bletchley Park ku England mu November 2023 mayiko 28 anasaina mgwirizano wa chitetezo cha AI, ndipo a mu Africa anali Kenya, Nigeria ndi Rwanda basi.

N'chifukwa chake ndimamvetsera kwambiri azimayi awiri amene kawirikawiri saikidwa pa mndandanda wa "akuluakulu a AI". Timnit Gebru, wobadwira ku Addis Ababa, anachoka ku Google mu December 2020 pa mkangano wokhudza pepala lake lochenjeza za makina a chilankhulowa. Iye ndi Joy Buolamwini anayesa makina ozindikira nkhope mu 2018, ndipo anapeza kuti pa amuna oyera khungu ankalakwitsa osafika ndi 1 peresenti yomwe, koma pa akazi akuda ngati iwe ndi ine ankalakwitsa mpaka pafupifupi 35 peresenti. Gebru amati nkhani ya kutha kwa dziko imaphimba anthu amene akupwetekedwa lero. Taganiza za achinyamata a ku Nairobi amene magazini ya Time inawalemba mu January 2023. Ntchito yawo inali kukhala pa kompyuta tsiku lonse akuwerenga nkhani za kugwirira ana, kupha ndi kuzunza, n'kumaika chizindikiro pa iliyonse kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa. Malipiro ake sankafika madola awiri pa ola. Makina aulemu amene ana ako amacheza nawo anayeretsedwa ndi maso a ana a anzathu.

Pa za ntchito, bungwe la IMF linanena mu January 2024 kuti AI ikhudza pafupifupi 40 peresenti ya ntchito padziko lonse: 60 peresenti m'mayiko olemera ngati kumeneko, 26 peresenti m'mayiko osauka. Kukhudza sikutanthauza kuthetsa, zina zidzangosintha kagwiridwe. Ndipo 26 yathuyo isatisangalatse. Ndi yochepa chifukwa ntchito zambiri kuno n'zamanja, ndipo popeza magetsi ndi intaneti n'zoperewera, phindu lakenso lidzatilambalala.

Phindulo lilipodi. AlphaFold, pulogalamu imene inapezetsa Hassabis ndi John Jumper mphoto ya Nobel mu 2024, inalosera maonekedwe a mapuloteni (tizinthu ting'onoting'ono timene timamanga ndi kuyendetsa matupi a zamoyo) oposa 200 miliyoni, ntchito imene kale puloteni imodzi yokha inkatha kudya zaka za wasayansi, ndipo ofufuza mankhwala akuigwiritsa ntchito mwaulere. Kunonso kwathu kuli Ulangizi, imene bungwe la Opportunity International linaika pa WhatsApp. Mlimi amabwera ndi tsamba la chimanga lobowokabowoka, mlangizi wa m'mudzi amalijambula pa foni, ndipo yankho limabwera m'Chichewa, lochokera m'buku la malangizo la unduna wa zamalimidwe. Kumene mlangizi wa boma mmodzi amayang'anira midzi yosawerengeka pa njinga yakapalasa, chimenecho si chinthu chaching'ono. Chinatheka chifukwa wina anakhala pansi n'kufunsa kuti mlimiyo akusowa chiyani.

Tsono za Tadala, ine ndikuti umusiye apite. Ntchitoyo adzaipeza itasintha, makina adzakhala akuwerenga chithunzi choyamba iye asanachione, koma padzafunika munthu wodziwa pamene makinawo anama. Umulimbikitse kuti asathawe masamu ndi sitatisitikisi, ndipo aphunzire kufunsa kuti makina aliwonse anaphunzitsidwa ndi zithunzi za anthu ati. Makina ophunzira pa odwala a ku Yorkshire sangangodaliridwa pa wodwala TB wa ku Machinga popanda wina kuwayesa kaye. Ndikufuna m'chipinda chimene zimenezi zimagamulidwa mudzakhale mwana wathu.

Akamabwera ku tchuthi undiuze msanga, ndidzapite naye ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, kumene anatsegula likulu la maphunziro a AI mu 2023, akacheze ndi anzake amene akuphunzira zomwezi. Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzako,
Chisomo