Mekyule achotsedwe m'zinyalala zisanalowe m'ng'anjo

Akonzi,

Ndipatseni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za chiphe chimene chimaiwalika anthu akamayamikira ng'anjo zazikulu zotenthera zinyalala za m'mizinda. Ndikunena mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chimene chimakwera m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi.

Moto umapha tizilombo ndi kuchepetsa mulu wa zinyalala, koma mekyule sapsa. Iye amawira pa madigiri 357, pamene ng'anjo zamakono zimatentha kufika madigiri 850, choncho pafupifupi yense amasanduka nthunzi n'kutuluka ndi utsi. Akagwera m'nyanja kapena m'mitsinje, tizilombo ta m'matope timamusandutsa mtundu wina wa mekyule wotchedwa methylmercury, amene amaunjikana m'matupi a nsomba ndipo amawononga ubongo wa mwana asanabadwe. Matenda oterewa anadziwika ku Minamata, m'dziko la Japan, mu 1956, ndipo n'chifukwa chake pangano la mayiko lokhudza mekyule la mu 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, limatchedwa dzina la mzindawo. Ng'anjo za zinyalala zili m'gulu la malo amene panganoli likufuna kuti utsi wake uchepetsedwe chiphe.

Njira zogwirira mekyule zilipo. Akatswiri amapopera ufa wa makala okonzedwa mwapadera mu utsi umene wayamba kuzizira, mekyule n'kumatirira ku ufawo, kenaka matumba a nsalu zosefera amaugwira usanafike pachumuni. Komabe chiphecho sichinathe, changosamukira m'phulusa, ndipo phulusalo likatayidwa pamtetete mvula imachikokololera kumadzi komwe tinkachitchinjiriza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mekyule safika m'ng'anjo pang'onopang'ono. Katoni imodzi ya mababu aatali oyera aja, osweka, kapena thumba la timabatire ta mawotchi, zikalowa nthawi imodzi, utsi umadzadza chiphe kwa kanthawi kochepa, ndipo woyeza amene amabwera kawiri pachaka sangazione. N'chifukwa chake ndikupempha makhonsolo a mizinda amene ali ndi ng'anjo, kapena akulingalira zogula, kuti ayambe akhazikitsa malo olandirira mababu, mabatire ndi zoyezera za m'zipatala paokha, kuti aike makina oyeza utsi usana ndi usiku, ndiponso kuti zotsatira zake azizilengeza kwa anthu okhala pafupi ndi chumunicho.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa