Pempho kwa ana athu onse amene anadutsa pa sukulu ino

Abale ndi alongo, makamaka inu amene munaphunzira kulemba dzina lanu pa bolodi lathu long'ambika lija, tikulemba ndife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi kuno ku Kanyama, mu Lusaka.

Mvula ija inagwa usiku wonse mwezi watha inagwetsa khoma la kumbuyo kwa kachipinda ka mabuku. Madzi a m'ngalande analowa mpaka m'mawondo. Kutacha tinapeza makatoni atafumuka, mabuku atatupa ngati buledi woviika mu tiyi. Amayi anawayanika pa mphasa masiku atatu, koma masamba anamatirirana, ukati utsegule amang'ambika. Opulumuka sadzaza ngakhale beseni limodzi.

Mabuku ake mukuwakumbukira. Timabuku ta Chingerezi tija, nkhani zakale zotchuka zolembedwanso m'mawu osavuta, tokwera ngati makwerero. Ta Oxford Bookworms timayambira pa mawu osiyanasiyana 250, kenako 400, mpaka 2,500. Mwana wa kuno amadzuka ndi Chinyanja, pamsika amamva Chibemba, Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Mukampatsa buku lenileni la Charles Dickens, tsamba loyamba lomwelo wayamba kuwodzera. Koma mpatseni nkhani ya Robinson Crusoe yofupikitsidwa, sabata isanathe wabwera kudzapempha lina, akukangananso ndi anzake za chidindo cha phazi chimene Crusoe anaona pa mchenga. Mawu amamulowa chifukwa akuwapeza kawirikawiri m'nkhani imene akuimva, osati chifukwa chowaloweza. Aphunzitsi athu ali ndi kanjira kawo: mwana atsegule tsamba limodzi, apinde chala pa liwu lililonse lomuvuta. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamukulira, atsike sitepe imodzi. Tsopano atsikira pati, makwerero onse atapita ndi madzi?

Chichokereni fizi mu 2022 ana achuluka moti ena amakhala pansi. Mu 2024 kolera inatitsekera sukulu mpaka mu February. Mayeso a giredi 7 sadikira zonsezi, ndipo kupatula pepala la Chinyanja, amabwera m'Chingerezi.

Sitinakhale manja lende. Abambo aumba mabuloko, anyamata atuta mchenga pa wilibala, amayi ogulitsa zitumbuwa pageti asonkha kangachepe kawo. Kalipentala wina, amene ana ake anamaliza kalekale, watikhomera mashelefu awiri ulere, ndipo ulendo uno tiwakweza m'mwamba. Ali mbuu, opanda kanthu.

Tili ndi manyazi kunena izi, koma tinene. Bwana wina anabwera tsiku lopereka mphoto, nalonjeza pa maikolofoni makatoni a mabuku. Tinalulutira, tinamuphera nkhuku. Foni yake masiku ano imangolira.

Ndiye tatembenukira kwa inu. Ena muli ku Kabulonga ndi ku Woodlands, pamene basi imodzi kapena ziwiri zikhoza kukufikitsani kuno. Ena muli ku Kitwe, ku Johannesburg, ku Manchester. Timakuonani pa Facebook mukulemba Chingerezi chosalala, ife nkumanyadira kuti uyo ndi wathu. Pa maliro mumabwera, zikomo kwambiri. Koma sukulu ili moyo.

Tikufuna simenti, malata, chitseko, ndipo koposa zonse timabuku tija: Oxford Bookworms, Penguin Readers, Macmillan Readers, Ladybird ta ang'onoang'ono. Ngakhale takale, bola masamba akhale okwanira. A giredi zapamwamba angakondwe ndi mabuku a African Writers Series, kuti aonenso mayina ndi midzi yofanana ndi kwawo. Chonde, mabuku anu a ku yunivesite asungeni. Tinalandirapo katoni la mabuku a zamalamulo a kunja, mpaka lero timatchingira chitseko kuti chisamenyedwe ndi mphepo.

Za ndalama, perekani monga mtima wakuuzirani, amsungichuma athu alipo, tidzakambirana mukafika. Njira mukuidziwa, sinasinthe. Mudzavale magambuti, pageti madzi sanaphwe.

Ife anu,
A komiti ya makolo ndi aphunzitsi