Ana athu aziphunziranso kuwerenga code

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za achinyamata omwe akuphunzira programming muno mu Lilongwe. Ine ndimakonza ma system, ndipo chomwe chimanditengera nthawi si kulemba code (malangizo omwe timalembera kompyuta) yatsopano ayi koma kuwerenga yomwe anasiya mnzanga wina atachoka ntchito, yopanda comment (mawu ofotokozera code) ngakhale imodzi, mayina a zinthu m'menemo x ndi y basi, umakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka magetsi kuthima usanamvetse kuti ankafuna chani.

Nkhaniyi akatswiri anaifufuza ndithu. Mu 2014 Janet Siegmund ndi anzake ku Germany analowetsa anthu m'makina a fMRI, oonetsa mbali za ubongo zomwe zikugwira ntchito, akuwerenga code ya Java (chiyankhulo cha programming), nkupeza kuti mbali za ubongo zokhudza chiyankhulo ndi kukumbukira zikugwira ntchito. Mu 2020 a ku yunivesite ya MIT ku America anayesa ndi chiyankhulo china, Python, iwo anaona kuti mbali yoganizira zinthu zovuta ndiyo imagwira kwambiri. Ena anatsatira maso ndi kamera, chomwe chinandigwira mtima ndi ichi, ongoyamba kumene amawerenga mzere ndi mzere ngati nkhani, pomwe ozolowera maso awo amadumphadumpha kutsata momwe pulogalamu ikuyendera.

Ndiye aphunzitsi athu m'makoleji chonde, musamangouza ana kuti lembani lembani. Apatseni code ya anthu ena, pa GitHub, webusaiti yomwe anthu amasungirapo code, yadzaza yaulere, aziwerenga nkufotokoza pakamwa m'kalasi chomwe mzere uliwonse ukuchita. Mwana wa mlongo wanga ali chaka chachiwiri koma sanafunsidwepo zimenezi.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe