Kumbani maenje musanagule simenti

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene agula malo otsetsereka ndipo mtima uli phaphapha kufuna kuyamba kumanga. Nyumba yanga ili pamtsetse, ndipo chipinda chakumunsi chili ndi mng'alu woti dzanja la mwana limalowamo. Unayamba ngati ulusi pa kona ya windo, dzinja lachiwiri titalowa m'nyumbamo. Dzinja lachitatu chitseko chinayamba kukana kutsekeka, ndipo botolo ukaligoneka pansi limagubuduka lokha kunka kukhoma.

Simenti sindinaumire, njerwa zinali zopsa bwino. Chimene chinandipweteka ndi dothi. Posalaza malo tinagumula kumtunda n'kumathira kumunsi, mawilibala osawerengeka, mpaka ponse panati see. Mmisiri anakumba maziko akuya mofanana mbali zonse, ine n'kumaombera m'manja. Sindinadziwe kuti theka la nyumba likukhala pa nthaka yolimba imene sinasunthidwepo, theka linalo pa dothi lothira lodzaza mizu ndi udzu. Dothi lotere limatitimira pang'onopang'ono madzi akamalowa, ndipo mizu ija ikaola imasiya mphako. Mbali imodzi ikatsika inayo ili chilili, khoma limathyoka.

Injiniya amene ndinamuitana zinthu zitaipa kale sanayambe n'kuyang'ana khoma. Anapempha piki ndi fosholo. Tinakumba maenje atatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi, ndipo lililonse linaonetsa zakezake. Lakumtunda tinagunda katondo wolimba tisanafike theka la mita. Lakumunsi tinapitirira mita imodzi ndi theka tikutulutsabe dothi lakuda lofewa, ndipo pansi pake tinapeza chidutswa cha thumba la simenti limene ndinagula ndekha. Ndinakhala pa mwala, mawu osatuluka. (Chonde, dzenje likapitirira m'chiuno musalowetsemo munthu popanda kuchirikiza m'mbali, limakwirira.)

Zina munthu ungayese wekha. Tapa dothi lonyowa, ulifinye pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Likamanyenyeka, mchenga ndi wambiri. Likamatalika ngati lamba osaduka, ndi dongo. Kapena ulithire m'botolo la madzi, ukhutchumule, ulisiye: mchenga umakhala pansi mphindi imodzi isanathe, pamene dongo limatha tsiku kapena kuposa madzi ali mbuu. Makande ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa amafufuma akanyowa n'kung'ambika akauma, ndipo nyumba imakwera n'kutsika nawo chaka ndi chaka. Komabe izi sizilowa m'malo mwa injiniya, amene amayeza kuti nthakayo inganyamule kulemera kotani.

Chimene ndimadandaula nacho koposa n'chakuti malowo ndinawaona m'chilimwe basi. Ndikanapitako mvula ili mkati ndikanaona madzi akumtunda konse akusefukira pamene pali chipinda chija, ndiponso kakasupe kamene kamatuluka pansi pa thanthwe. Zizindikiro zinalipo ndithu: udzu wobiriwira pamalo amodzi kwina konse kutauma, mitengo iwiri yopindika patsinde ngati ndodo ya ambulera. Mtengo umapindika choncho pamene nthaka ikutsetsereka pang'onopang'ono iwo n'kumayesetsa kuwongoka.

Madzi si opepuka, Akonzi. Malita 1,000 amalemera tani imodzi, ndipo dothi likakhuta madzi limalemera kwambiri kwinaku mphamvu yogwirana ikuchepa. N'chifukwa chake khoma lotchinga dothi limafuna miyala ing'onoing'ono kuseri kwake ndi timabowo totulutsira madzi m'munsi. Langa linalibe bowo ngakhale limodzi. Ndinkaona ngati mabowo amafooketsa khoma.

Kwa amisiri ndili ndi pempho. Mwini nyumba akamakukakamizani kuti musalaze msanga, muuzeni zoona ngakhale akwiye. Maziko a pamtsetse amakumbidwa ngati masitepe, sitepe iliyonse yosalala ndiponso yokhala pa nthaka yachilengedwe. Ngati kuthira dothi sikungapeweke, chotsani kaye lapamwamba lija, muzithira masentimita 15 n'kutsendera, kenako 15 ena, osati mulu wonse nthawi imodzi. Ndipo ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa nyumba ikumbidwe maziko asanayambe.

Pano tikukumba pansi pa maziko a chipinda chija, mita imodzi n'kuthira konkire, kudikira kuti iume, kenako mita ina patali pang'ono, kuopa kuti khoma lingatigwere. Kumtunda ndakumba ngalande ndipo ndadzala mizere iwiri ya vetiva, udzu umene mizu yake imatha kulowa pansi mamita atatu. Pa mng'alu paja ndamatapo kagalasi kopyapyala. Kakasweka ndidziwa kuti nyumba ikuyendabe. Ana akugona pabalaza kufikira mvula ikubwerayi itadutsa kagalasiko kali kamphumphu.

Ine wanu,
Mwini nyumba ya pamtsetse